Mpingo wosakokoloka: malangizo kwa akulu a mpingo kuchigwa cha Shire

Lamulungu loyamba namondwe wa Freddy atadutsa, mu Malichi 2023, tinapemphera pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa sukulu imene tinathawirako. Khoma limodzi la tchalitchi chathu linali litagwa, mabenchi ali m'matope, abusa ali tsidya lina la mtsinje foni yawo yosagwira. Palibe anakonza pulogalamu. Gogo wina anangoyambitsa kolasi ya Chisena, amayi n'kuvomera, mnyamata wa kwaya n'kuvundukula Baibulo limene analikulunga m'jumbo n'kuwerenga Salimo 46. Tsiku limenelo tinapemphera zenizeni. Chimene chinatsala pang'ono kutigawa pakati chinadzafika patatha milungu itatu, pa lole, chili m'matumba.

Ndatumikira ngati mkulu wa mpingo komanso mlembi kuno kuchigwa, ndipo ndaona madzi a 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy. Zimene ndalembazi ndi za akulu a mpingo, atumiki, atsogoleri a amayi ndi a achinyamata, kaya mumapemphera Lamulungu kaya Loweruka. Dzifunseni: kodi anthu anu angapitirize kupembedza Mulungu limodzi tchalitchi chitagwa, abusa atatsekerezedwa kutali, thandizo litabwera losakwanira aliyense? Ngati mwakanda kumutu, yambirani apa.

Choyamba, lembani anthu anu ndipo muwagawe m'miraga

Gulani kope lachikuto cholimba. Lembani banja lililonse: mayina, mudzi, nyakwawa yawo, nambala ya foni ngati ilipo, ndi kumene banjalo limathawira madzi akabwera. Ikani kachizindikiro pa nkhalamba zokhala zokha, olumala, amayi oyembekezera, ana amasiye ndi odwala nthawi yaitali. Matenda awo musalembe, kope limadutsa m'manja ambiri.

Kenako gawani mabanjawo m'timagulu ta makomo khumi kapena khumi ndi asanu oyandikana. Ena amati miraga, Akatolika amati miphakati kapena malimana, ena amangoti maselo. Dzina lilibe kanthu. Chachikulu n'chakuti munthu azitha kufika pa gulu lake wapansi, ngakhale usiku, osawoloka mtsinje. Mwanza, Mkombedzi wa Fodya, Lalanje ndi Thangadzi ikadzaza sifunsa kuti lero ndi Lachitatu la mapemphero. Nzeru imeneyi si yachilendo. Ndi yomwe Yetero anapatsa mkamwini wake Mose pa Eksodo 18, yoti aike atsogoleri mpaka pa magulu a anthu khumi m'malo moti azifa nayo yekha ntchito.

Mlaga uliwonse ukhale ndi atsogoleri awiri, bambo ndi mayi, osakhala a nyumba imodzi. Ntchito yawo ndi kusonkhanitsa anthu kamodzi pa sabata kuti awerenge Mawu ndi kupemphera, komanso kudziwa amene sakuoneka. Munthu akajomba masabata atatu, wina apiteko, koma apite ndi moni, mlandu ausiye kunyumba. Kuno anthu amasowa pa zifukwa zomveka. Madzi akaphwa mabanja amasamukira kumadimba kwa miyezi. A ku Nchalo amagwira mashifiti nyengo yodula nzimbe. Asodzi amagonera ku Elephant Marsh, ena awolokera ku Mozambique kukasaka ganyu kapena chimanga. Amenewa sanabwerere m'mbuyo ayi, atsatireni komweko. Ife tinayambitsa mlaga wa kudimba umene umakumana madzulo pa chisakasa cha mlonda wa mbewu, ndipo pali abambo amene sindinawamvepo akupemphera m'tchalitchi koma kumeneko amatsogolera pemphero makasu ali pambali.

Jambulani masamba a kopelo ndi foni n'kutumizira anthu awiri pa WhatsApp. Kaundula wathu woyamba anapita ndi madzi a 2015, limodzi ndi mbiri ya ubatizo, ndipo mpaka pano timavutika munthu akafuna kalata yosamukira.

Chachiwiri, bwezerani tsiku la mapemphero kwa mwini wake

Sabata imodzi khalani kumbuyo ndi wotchi ndi kapepala, muzilemba nthawi imene chinthu chilichonse chatenga. Ine nditayesa ndinachita manyazi. Zolengeza ndi kulandira alendo zinadya nthawi yoposa kuwerenga Mawu ndi ulaliki kuphatikiza pamodzi. Makwaya asanu, iliyonse nyimbo zitatu. Mlaliki anaimirira dzuwa lili pamutu, mu Okutobala, malata akuthetheka. Tonse tikudziwa kuti mwezi umenewo ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumatha kudutsa madigiri 40. Makanda ankalira, abambo ankasinza, amayi ankadzikupiza ndi mabuku a nyimbo. Utiko wa pa Machitidwe 20 anagwa pazenera ndi tulo, komatu iye unali usiku. Athuwa akanagwa masanasana.

Kuyambira Sepitembala mpaka mvula itagwa, yambani 7 koloko m'mawa, pofika 10 koloko mwaweruka. Zolengeza zonse zifike kwa mlembi dzulo lake, aziwerenga munthu mmodzi, osapitirira mphindi khumi, ndipo pasakhale zoti "ndingowonjezerapo pang'ono". Kwaya iliyonse nyimbo imodzi, nthawi yotsalayo ayimbe mpingo wonse, chifukwa makwaya akayamba kupikisana anthu amasanduka oonerera. Mawu alalikidwe mitu isanatenthe. Uzani anyamata a zida atsitse chinkuza mawu ndi kiyibodi kufikira mutamva mawu a amayi a kumbuyo. Pakhomo ikani ndowa ya madzi akumwa yokhala ndi kampopi.

Ndiye pali nkhani ya chiyankhulo. Buku Lopatulika lakhala nafe kuyambira 1922 ndipo mabuku athu ambiri ndi a Chichewa, koma gogo wa ku Marka kapena kwa Tengani akamalira pamaso pa Mulungu amalira m'Chisena. Ambiri tinakula tikusekedwa nacho Chisena kusukulu ndi m'tauni, ndipo manyaziwo tinakwera nawo pa guwa. Werengani m'Chichewa, koma mlaliki atsitse mfundo zake m'Chisena kapena m'Chimang'anja cha pamudzi. Pemphero limodzi ndi nyimbo ziwiri zikhale za chiyankhulo cha pakhomo. Mudzaona nkhalamba zikudzuka, zikugwedeza mitu, potuluka n'kukugwirani dzanja kuti "takhuta". Paulo pa 1 Akorinto 14:19 anasankha mawu asanu omveka kusiyana ndi zikwi khumi zosamveka. Vesi limeneli muwawerengerenso alaliki achinyamata aja amene amalalikira m'Chingerezi n'kuimika womasulira pambali, chikhalirecho m'tchalitchi monse mulibe ndi mmodzi yemwe wosamva Chichewa.

Andale adzabwera, monga anachitira chisankho cha Sepitembala 2025 chikuyandikira. Alandireni, akhale pa benchi ngati wina aliyense, Yakobo 2 akutero. Envelopu yawo ilowe m'mbale ya chopereka ndipo ilembedwe. Maikolofoni musawapatse. M'benchi imodzi mumakhala anthu a zipani zitatu, ndipo wandale akachoka inu mutsala nawo.

Chachitatu, ndalama ziziyenda poyera

Mipingo yambiri imene ndaiona ikung'ambika pakati pa Dyeratu ndi Marka inayambira pa ndalama za malata. Anthu amayamba kunong'onezana, manong'onong'o amakula, kenako wina amatuluka ndi mabanja khumi, n'kukazika mitengo ndi kufolera udzu chapafupi pomwepo, n'kuikapo dzina latsopano lalitali. Kusiyana kwa chiphunzitso kumapezeka pambuyo, kongokometsera.

Chopereka chiwerengedwe mapemphero atangotha, anthu atatu alipo, osakhala pachibale, ndipo azisinthana mwezi ndi mwezi. Onse asaine m'buku. Msungichuma asakhale mkazi, m'bale kapena mlamu wa abusa, ngakhale akhale wokhulupirika chotani. Potero mukumuteteza iye yemweyo ku malilime. Abusa asagwire ndalama za mpingo. Sabata yotsatira mlembi anene kuti zinalowa zakuti, zatuluka zakuti pa chakuti, zatsala zakuti. Pakatha miyezi itatu lembani zonse pa pepala lalikulu n'kumata pakhomo. Paulo mwini, potenga chopereka chopita ku Yerusalemu, sananyamule yekha. Pa 2 Akorinto 8:18-21 mipingo inasankha m'bale woyenda naye kuti pasapezeke wonena. Ngati Paulo analola kuperekezedwa, ife ndife yani kuti tizikwiya tikafunsidwa risiti ya simenti?

Masiku ano ana athu a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni amatumiza chakhumi pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama zimenezo zisamalowe pa nambala imene munthu amaguliraponso mayunitsi ndi ndiwo, zimasakanikirana ngakhale mtima uli woyera. Pezani simu ya mpingo yokha. Foni asunge wina, nambala yachinsinsi adziwe wina, uthenga uliwonse wa ndalama ukopedwe m'buku. Ngati banki ili kufupi, tsegulani akaunti ya osaina atatu.

Thumba la mpingo si banki mkhonde. Mkulu wina akabwereka kuti abweza akagulitsa thonje, thonjelo n'kulowa mbozi kapena mtengo n'kugwa, amayamba kukhala benchi yakumbuyo, kenako saonekanso. Mwataya ndalama, mwatayanso munthu. Ngati wavutikadi, mpatseni kuchokera m'thumba la chifundo zimene mungathe, osayembekezera kuti zibwerera.

Onaninso nyengo. Kuitanitsa Pepala Sande mu Januwale kapena Febuluwale, anthu akukumba nyika m'madambo a ng'ona kuti ana adye, ndi nkhanza. Zopereka zikuluzikulu ziikeni pamene anthu ali nacho: akakolola mapira ndi mchewere, akagulitsa thonje ndi chitowe, akakolola za kudimba. Mbuzi, nkhuku ndi ndowa ya mapira zilandireni ndi ulemu womwe mulandirira ndalama, ndipo zilembeni. Zoitana mayina ndi ndalama zake pa chinkuza mawu zisiyeni. Mayi amene wabwera ndi K200 yake akamva akuombera m'manja wa K20,000, sabata yamawa amangokhala kunyumba.

Abusa nawo muziwapatsa zawo pa nthawi yake. M'busa wanjala amalalikira za ndalama sabata iliyonse, akapanda kutero ayamba kugulitsa timabotolo ta mafuta oti ndi odalitsika.

Chachinayi, panganani za thandizo mvula isanagwe

Ndibwerere ku lole ija. Mpingo unzathu wa kumtunda unatitumizira ufa ndi mabulangete, koma matumba anali ochepa kuyerekeza ndi mabanja. Akulu atatu tinakhala pansi usiku, tochi ya foni ili pakamwa, n'kulemba mayina. M'mawa mwake ndikuwerenga, mayi wina wamasiye anaimirira kumbuyo, mwana ali kumsana. Sanakuwe ayi.

"Abambo, pa kaundula wa zopereka za malata dzina langa munalipeza. Lero lasowa bwanji?"

Ndinayang'ana pepala lija. Munadzaza abale athu, a kwaya ndi anthu amene amakhala mabenchi akutsogolo. Mlaga wakutali kwambiri, wa mabanja amene anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo n'kukhazikika, unali ndi mayina awiri okha. Palibe wa ife amene anakonza chiwembu. Tinangolemba nkhope zimene zinabwera msanga m'mutu. Koma mabanja angapo anatha miyezi osaponda pa tchalitchi, ndipo tinayenda khomo ndi khomo kupepesa.

Nkhani imeneyi ili pa Machitidwe 6 monga momwe ilili. Amasiye a chiyankhulo china ankaiwalika pa kagawidwe ka chakudya. Atumwi sanakane, sanadzudzulenso odandaulawo. Anauza anthu kuti asankhe okha amuna asanu ndi awiri, ndipo mukawerenga mayina awo, onse ndi a Chigiriki, chiyankhulo cha mbali imene inkadandaulayo. Atumwiwo anatsala ndi pemphero ndi Mawu.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Mu Okutobala kapena Novembala, mpingo wonse ukhale pansi ugwirizane kuti thandizo likachepa ayambe ndani: nkhalamba zokhala zokha, olumala, amasiye olera ana, oyamwitsa, amene nyumba zawo zagweratu. Zilembedwe. Miraga isankhe komiti, amayi achuluke, ndipo mlaga wakutali ukhalemo. Katundu akafika awerengedwe pabwalo anthu akuona. Mayina awerengedwe mokweza dzulo lake la kugawa, kuti woiwalika aoneke matumba asanachoke. Abusa ndi akulu a mpingo alandire pomaliza, ndipo zikatha asanalandire, zatha. Musagawe mkati mwa mapemphero, chifukwa munthu sangamvere ulaliki maso ali pa matumba ali pambali pa guwa.

Thandizo la boma ndi la mabungwe limadzera kwa amfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi. Musalande ntchito yawo. Inu onetsetsani kuti ovutika a m'kope lanu aja akudziwika kumeneko. Zanu zikakwanira, gawirankoni anansi osapemphera nanu, popanda kuwauza kuti ayambe kalasi ya ubatizo. Mkhristu wa thumba amatha thumba likatha. Mtsikana kapena mayi asapite yekha kunyumba kwa munthu kukatenga katundu. Amene wapempha thupi la munthu kuti amulembe dzina, kaya ndi mkulu wa mpingo kaya ndi ndani, nkhani yake ndi ya kupolisi.

Alendo akunja akabwera ndi makamera, auzeni zoona. Osabwereka ana a mudzi wonse kuti aoneke ngati amasiye a mpingo wanu. Ana omwewo akuona zimene akulu a mpingo akuchita.

Chachisanu, samalirani matupi a anthu

Pa Deuteronomo 23:12-13 Mulungu analamula Aisraele za kopita kukadzithandiza, ndiye musaone ngati nkhani ya chimbudzi ndi yonyozeka pa bwalo la mpingo. Dothi lathu lambiri ndi lamchenga ndipo madzi ali pafupi, zimbudzi zimatitimira mvula yoyamba. Kumbani pamalo pokwera, kutali ndi mjigo, dzenjelo muliwake ndi njerwa. Pakhomo pake ikani mpondagiya ndi sopo, akasowa phulusa.

Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inafika maboma onse ndipo inaposa miliri yonse ya kolera imene dziko lino linaonapo. Nsanje linali limodzi la maboma oyambirira. Malo oopsa ndi amene ife a mpingo timawakonda: misonkhano ya chitsitsimutso, maukwati, maliro. Anthu asasambe m'manja m'beseni limodzi, athirireni. Madzi akumwa athiridwe kolorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo kapena WaterGuard. Mtsogoleri aliyense wa mlaga adziwe kusungunula Thanzi, ndipo akasowa adziwe kupanga: lita imodzi ya madzi abwino, masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Wodwalayo azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala. Alangizi a zaumoyo akafuna kunena za katemera kapena masikito, apatseni mphindi zisanu mapemphero akatha.

Kufupi ndi Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, ndi pamene anafera Bishopu Charles Mackenzie pa 31 Januwale 1862. Bwato linagubuduzika, mankhwala a malungo n'kutayika, malungo n'kumutenga. Chikhulupiriro sichinamuchepere munthu ameneyu. Chimene chinamira m'madzi ndi kwinini. Ndimakumbutsa nkhaniyi aliyense amene akufuna kuuza odwala kuti ataye ma ARV, mankhwala a shuga, a BP kapena a khunyu pofuna kuonetsa chikhulupiriro. Ikani lamulo: woima pa guwa lanu asauze munthu kusiya mankhwala. Akulu apite kukapempherera odwala monga Yakobo 5:14 anenera, koma m'thumba la chifundo muzikhala ya kabaza. Pemphererani, kenako mukwezeni.

Mlaliki kapena mneneri wachilendo abwere ndi kalata ya kumpingo kwawo, ndipo imbirani foni amene anasaina. Akayamba kuloza agogo kuti ndi mfiti, mkulu aimirire, ayambitse nyimbo, amuperekeze panja. Kutchula munthu mfiti ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo mlendoyo akakwera basi agogowo atsala ndi anthu ogenda.

Chachisanu ndi chimodzi, musachoke msanga pa siwa

Pa maliro timachita bwino: kwaya imachezera, amayi a yunifolomu amaphika, abusa amalalikira. Kulakwitsa kwathu n'kwakuti tikachoka kumanda timabalalika. Zovuta za namfedwa zimayamba usiku wachiwiri ndi wachitatu, akatsala ndi akubanja okha, nkhani ya kupita kufa (mwambo woti namfedwa agonane ndi munthu wina, ati pochotsa imfa pamudzi) ndi ya katundu ikayambika. Kwa Asena, kumene mkazi analowoledwa n'kukhala kwa mwamuna, mayi wamasiye amakhala pakati pa anthu a eni ake, alibe womuyankhulira.

Amayi a mpingo asinthane kugona naye sabata yathunthu, kapena kupitirira. Akulu awiri apite kwa eni mbumba mwambo usanakambidwe, akhale pansi, apepese, kenako anene mofatsa: "Akuluakulu, mayiwa ndi mwana wanu, komanso ndi mwana wathu kumpingo. Tapempha kuti za mwambo uja zisachitike, ife tidzapemphera m'nyumba muno." Amfumu akhalepo. Dziwani kuti nthawi zina amene akuumirira mwambowo ndi namfedwa mwini, chifukwa cha mantha akuti akapanda kutero imfa ikabweranso pamudzi adzaloza iye. Mantha otere sachoka ndi kukalipa pa guwa. Amachoka anthu akalowa m'nyumbamo, kupemphera, kudya naye mbale imodzi, miyezi n'kudutsa osaoneka choopsa. Zikakanika mwamtendere, malamulo alipo: la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi limaletsa miyambo yotere, ndipo la 2011 la chuma chamasiye limati kulanda katundu wa namfedwa ndi ana ndi mlandu.

Ulaliki wa pamaliro usakhale wotukwana. Kuno ndi kwawo kwa Mbona, mzimu umene makolo ankapemphako mvula, ndipo ku kachisi wake ku Khulubvi anthu ankathira nsembe amishoni asanafike ku Lulwe mu 1900. Pa siwa pamakhala a chipembedzo cha makolo, Asilamu, a mipingo ina ndi osapemphera, onse abwera kudzalira, ena ndi omwe akumba manda. Nenani za Khristu ndi za kuuka kwa akufa momveka, mwachidule, basi.

Chachisanu ndi chiwiri, milandu isagone

Mateyu 18:15-17 anaika kale ndondomeko: awiriwiri poyamba, kenako ndi mboni, pomaliza mpingo. Ife timayambira pomaliza, kapena timayambira pa gulu la WhatsApp. Awiri akayambana, mtsogoleri wa mlaga awakhazike pansi sabata yomweyo. Malire a dimba akasokonekera ndi madzi, monga zimachitikira chaka chilichonse, perekezanani kwa amfumu, osadikira kuti wina aleke kudya mgonero chifukwa mnzake ali pa mzere womwewo.

Chilango chikhale ndi muyeso umodzi. Tazolowera kuimika mtsikana woyembekezera kutsogolo pamene wopereka mimbayo akuimba besi mu kwaya, ndiponso kutseka maso wolakwa akakhala amene anagula malata. Achinyamata amaona zonsezi. Woimitsidwa mgonero apatsidwe mkulu womuyendera, ndipo auzidwe tsiku limene nkhani yake idzaonedwenso.

Pali milandu ina yosayenera bwalo la mpingo. Mwana akagwiriridwa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndiponso kupolisi, ngakhale wochita zimenezo akhale mphunzitsi wa Sande sukulu. Osakambirana za mbuzi. Ndipo kuyambira 2017 malamulo a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, choncho musadalitse, ngakhale makolo abwere akulira njala.

Chomaliza, phunzitsani alaliki ndipo longedzani ndowa

Abusa ambiri kuno amayang'anira nthambi zingapo, ena tsidya ndi tsidya la Shire, ndipo nyengo ya mvula ulendo wa ku Makhanga kapena ku Muona ndi wa bwato. Mpingo wodikira abusa umakhala chete miyezi itatu. Sankhani anthu anayi kapena asanu, achinyamata ndi amayi akhalemo monga malamulo a mpingo wanu alolera. Loweruka madzulo akumane ola limodzi: awerenge ndime ya mawa kawiri mokweza, aliyense anene chimene ndimeyo ikunena za Mulungu ndi chimene ikufuna kwa munthu wa pamudzi pano, ndipo wolalikira mawa ayeserere pamaso pa anzake. Tsatani buku limodzi, monga Marko, mutu ndi mutu. Zimathandiza kuti mlaliki asamasankhe vesi lolasira munthu amene anakangana naye kumsika.

Pofika Novembala pezani ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro chothina. Ikanimo Baibulo, mabuku a nyimbo awiri kapena atatu, kope la mayina, buku la ndalama, makapu a mgonero, mapaketi a Thanzi, botolo la WaterGuard, tochi, kawayilesi ndi mabatire ake kuti muzimva machenjezo a zanyengo, ndi wezulo wodzutsira anthu usiku. Mlaga uliwonse udziwe kumene udzakumane, ndipo nkhalamba iliyonse ya kachizindikiro ija ikhale ndi mnyamata wodziwika dzina amene adzaitenge. Chenjezo likamveka musadikire kuona madzi pakhomo, ng'ombe ndi mbuzi zitsogole kumtunda kukadali kowala.

Ndowa yathu imakhala kwa mayi wina wa mlaga wa kumtunda, pamwamba pa kabati. Chaka chatha titaitsegula tinapeza mabatire atatuluka madzi n'kudetsa masamba a buku la Marko, ndiye tsopano timawakulunga m'jumbo yawoyawo.